Filiji ya Azungu ku Lirangwe

Ndikukumbukira chaka chimene mvula inagwetsa nyumba yathu kumudzi, kufupi ndi Lirangwe. Inali ya zidina, yofolera ndi udzu, ndipo sinagwe mwaphokoso ayi. Inangoyamba kupendama ngati munthu wochokera kumowa, khoma lakum'mawa n'kukhala pansi pang'onopang'ono, ife tili kalikiliki kutulutsa mphasa ndi miphika. Nthawi imeneyo sukulu inali itangoyamba kukhala yaulere, m'kalasi tikupanikizana ngati matemba m'dengu, ine ndili kamtsikana kosatha kutseka pakamwa. Dzina langa ndine Marita. Kwathu tinabadwa atsikana awiri okha, achemwali anga a Esnati ndi ine.

Bambo anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya Che Amidu pamsika wa Lirangwe, ndipo Che Amidu yemweyo ndi amene anatipezera pothawira. Anati kutsidya kwa njanji kuli nyumba yakale ya pa esiteti ya thonje, imene azungu anamangira kapitawo wawo wachizungu kalekale. Mwini wake wa tsopano ankakhala m'tauni, ndipo ankafuna banja lokhalamo kuti akuba asasasule malata. Tinasamuka pa ngolo, amayi atanyamula nkhuku yathu yaikazi m'khwapa, bambo atakumbatira mutu wa makina ngati khanda.

Nyumbayo inali ya njerwa zofiira, malata ake atachita dzimbiri, khonde lake lozungulira ponseponse. Zitseko zinali zazitali moti bambo atakweza dzanja sankafika pamwamba. M'katimo munkanunkha mileme ndi fumbi la zaka zambiri. Koma simenti yake, abale, inali yofiira, yosalala, yozizira kumapazi ngati mwala wa kumtsinje. Tsiku loyamba ine ndi achemwali tinangogona chafufumimba pabalaza, masaya tataunjika pansi, kumvera kuzizirako.

Vuto la nyumbayo linali loti munali zinthu zambiri zimene sitinkadziwa ntchito yake. Vuto lachiwiri linali loti bambo anga sanabadwe ndi mawu oti "sindikudziwa". Munthu amene ankangokuyang'ana n'kudziwa muyeso wa m'chiuno mwako sakanagonja kwa khoma. Ankaima patsogolo pa chinthu, tepi ili m'khosi, manja kumbuyo, kugwedeza mutu pang'ono, kenako n'kulengeza. Amayi, omwe anali munthu wa mawu ochepa, ankangoti, "Chabwino, abambo a Esnati," n'kupitiriza kusesa.

Pamasitepe olowera panali kachitsulo kophwatalala kozikidwa m'simenti. Bambo anati n'konolera zikwanje, ndipo ananolerapo chikwanje chathu mpaka chinabuntha kuposa kale. Pabalaza panali phanga m'khoma, lakuda ndi mwaye, chumuni chake chotulukira padenga. Ku Lirangwe, kumene ngakhale mwezi wa June chofunda chimathera kumapazi, palibe amene akanaganiza zoti munthu angasonkhe moto kuti awothe m'nyumba. Bambo anati mzungu ankaotchera mmenemo chimanga, chifukwa ankachita manyazi kukukuta mondokwa antchito akuona. Tinayesa kuotchamo tsiku lina. Utsi unakwera pang'ono, n'kusintha maganizo, n'kubwerera pabalaza limodzi ndi mileme yoledzera, ife tikutsokomola pakhonde. Kuyambira pamenepo phangalo linakhala la nkhuku yathu, ndipo inaikira mazira mmenemo mwaulemu wake wonse.

Kuseri kunali ng'anjo ya njerwa, pamwamba pake atagonekapo mgolo, mapaipi ake olowa m'nyumba. Apa bambo anatsitsa mawu. "Kachasu," anatero. "Mukuganiza kuti ankatiletseranji? Ankafuna azitcheza okha."

Pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera panali kawindo m'khoma, kokhala ndi kathabwa kokankha. Bambo anati mkazi wa mzungu ankasuzumira pamenepo kuti aone ngati mwamuna wake wayamba kudya ndi manja. Kawindo kameneka amayi anakakonda. Bambo akamafotokozera alendo nkhani, kathabwa kankatseguka pang'ono, nkhope ya amayi n'kuoneka, n'kukonza pamene nkhani yanenepa kwambiri, kenako kathabwa n'kutsekeka.

Ndiye panali belu. M'chipinda chodyera munali waya wolendewera kukhoma, kumapeto kwake kuli kamtengo kogwirira. Ukakoka, kabelu kankalira kukhitchini, ngeee! Bambo anati n'kochenjeza kukabwera akuba, koma posakhalitsa anapeza kuti kangathenso kuitanitsa tiyi. Ulendo woyamba amayi anathamanga, mthiko m'manja, kuyesa kuti kwagwa zoopsa. Ulendo wachiwiri kathabwa kanangotseguka.

"Belu amamangirira mbuzi, abambo a Esnati. Ine makolo anga anandipatsa dzina."

Zitatero belu linakhala la alendo okha, ndipo woyankha ndinali ine. Ndinkalikonda kwabasi. Likangolira ndinkauluka, n'kugwada pakhomo, n'kumva alendo akuti, "Koma a Telala, mukukhala!"

Koma chuma chenicheni cha nyumbayo chinali kumapeto kwa khonde lakuseri, mbali imene dzuwa silinkafika. Kunali kachipinda kakang'ono, kokwana munthu mmodzi, pamwamba pake pali njerwa za mabowo zolowetsa mphepo. M'katimo munali benchi ya simenti, pamwamba pake thabwa lokhala ndi mabowo awiri ozungulira bwinobwino, lalikulu ndi laling'ono, lililonse ndi chivundikiro chake. Kunsi kwa benchiyo kunali mphako, ndipo kunja kwa khoma, m'munsi mwenimweni, kunali kachitseko kachitsulo kofika m'mawondo.

Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anayeza bowo lalikulu ndi tepi. Anatuluka, n'kukayeza mtsuko wathu wa madzi. Anabwera nawo, n'kuukhazika pabowopo, ndipo unalowa n'kukhala phee, ngati anauumbira pomwepo. Kamtsuko ka thobwa kanakwana pabowo laling'ono. Atatsegula kachitseko kakunja, kamphepo kanayamba kudutsa kunsi kwa mitsuko.

"Filiji," anatero bambo. "Filiji yopanda magetsi. Anthu awa ankaganiza patali."

Amayi anayang'ana thabwalo, n'kuyang'ana bambo. Tsiku limenelo sananene kuti chabwino. Anachotsa mitsuko ija, n'kuitsuka kawirikawiri. Anati thabwalo ladyedwa ndi chiswe, ngakhale ine sindinaone chiswe, ndipo sanapume mpaka kalipentala atapala latsopano, la mabowo omwewo. Lakalelo analitentha. Anakwecha kachipindako ndi phulusa ndi madzi owira kwa masiku angapo, n'kupaka laimu mpaka m'mphako. Tinangoti ndi ukhondo wa amayi, poti ankakwecha ngakhale kunsi kwa miphika kumene palibe amene amayang'anako.

Madzi a mu filiji ija anatchuka. Mwezi wotentha, nyenje zikulira, njanji ikuwala ngati ikusungunuka, unkamwa madzi amenewo mano n'kuchita dzanzi. Anthu ochokera kuchigayo ankapatuka kudzapempha. Che Amidu ankatumiza botolo tsiku lililonse. Ine ndiye ndinadzipatsa udindo woonetsa alendo nyumba. Mawu a bambo ndinawaloweza onse, manja kumbuyo chimodzimodzi, kuyambira pa chonolera zikwanje mpaka pa mgolo wa kachasu, n'kumalizira pa filiji.

Chaka chotsatira achemwali anapeza mwamuna. Dzina lake anali Laston, wa ku Chileka, ndipo ankagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege. Anadziwana pamene anabwera kudzasoketsa thalauza, ndipo thalauzalo linafupikitsidwa ndi kutalikitsidwa kambirimbiri mpaka bambo anazindikira kuti vuto silinali miyendo. Ndege ikamadutsa kutsikira ku Chileka, achemwali ankasiya kusinja n'kuiyang'ana mpaka itabisika, ngati Laston ndi amene akuiyendetsa.

Tsiku linapanganidwa loti akuchimuna abwere kudzakambirana za ukwati. Mwa mwambo nkhaniyo inali ya amalume athu, mchimwene wawo wa amayi, munthu wofatsa amene ankatha kukhala pamsonkhano wonse atangonena "eya". Ikanakambidwa kwawo, koma bambo anakana. Anati anthu ozolowera kuona ndege tsiku lililonse ayenera kudziwa kuti mwana akuchokera m'nyumba yotani.

Anabwera Loweruka la mwezi wa October, pa galimoto yamatola imene inawasiya pamsewu, woyendetsa atalonjeza kudzawatenga dzuwa likapendeka. Laston anatsala pakhonde la Che Amidu kudikira chigamulo. Otsogolera anali awiri. Amalume ake, a Malunga, anali mkulu wa imvi, wamaso oseka, amene anapuma ntchito ya njanji. Azakhali ake, a Nachisale, anali mayi wamkulu thupi, wa duku lowuma ndi sitachi, ndipo mbiri yawo inali itafika kale: ankati mwana wa mchimwene wawo akanapeza namwino kapena mphunzitsi m'tauni, osati mwana wa telala wa kuthengo. Polowa anapititsa chala pawindo n'kuchiyang'ana. Sanapeze fumbi, ndipo zinaoneka kuti zawakhumudwitsa.

Anadya mpunga ndi nkhuku, a Nachisale akuthira tsabola wa kambuzi ngati akulanga mbale. Kenako bambo anakoka waya, ngeee! Ndinauluka ndi makapu a thobwa. Ndinaona ndi maso anga nkhope ya a Nachisale ikumasuka. Anamwa kapu yoyamba osapuma, yachiwiri akutsinzina. A Malunga anapukuta ndevu.

"A Telala, mawaya a magetsi sindinawaone panjira. Thobwa ameneyu wazizira bwanji chonchi?"

Bambo anali akudikira funso limeneli kuyambira m'mawa. Anatsamira mpando.

"Tili ndi filiji ya azungu. Marita, kawaonetse alendo."

Ndinaika manja kumbuyo n'kutsogola. Pa chonolera zikwanje a Malunga anatsokomola. Pa chootchera chimanga, nkhuku yathu ikuwayang'ana ndi diso limodzi, anatulutsa mpango n'kutseka pakamwa. Pa mgolo wa kachasu mapewa awo anayamba kugwedezeka, ine n'kumayesa kuti ndi chifuwa cha ukalamba. Tsono tinafika pa filiji. Ndinatsegula chitseko mwamatama, n'kufotokoza zonse: bowo lalikulu la madzi, laling'ono la thobwa, kachitseko ka mphepo, ndi kuti anthu awa ankaganiza patali.

A Malunga anasendera pafupi. Anayang'ana benchi, n'kuyang'ana kapu imene inali idakali m'manja mwawo. Anazungulira kuseri, anagwada movutikira, anatsegula kachitseko kaja n'kusuzumira. Anakhala pansi pafumbi, suti ndi suti, n'kuseka mpaka misozi kutsikira m'ndevu.

"A Malunga, mwatani?" anafunsa a Nachisale.

"Alamu," anatero akupuma movutika, "ine ndinakulira m'malayini a antchito a njanji ku Limbe. Ichi ndachikhalira ubwana wanga wonse. N'chimbudzi cha ndowa! Apa pa akulu, apa pa ana. Ndowa inkakhala kunsiku, ndipo inkatulukira pa kachitseko aka."

Kunachita zii. Ngakhale nyenje zinakhala ngati zaima kuti zimve bwino. Amalume athu, pofuna kuthandiza, anati, "Eya."

A Nachisale anaika kapu pansi pang'onopang'ono, ngati ndi njoka. Analavula kumanja, analavula kumanzere, n'kupukuta lilime ndi nsonga ya chitenje.

"Mwatiitanira kudzatimwetsa za m'chimbudzi? Mwana wa mchimwene wanga azidzadya m'manja mwa anthu osasiyanitsa khitchini ndi kuthengo? A Malunga, dzukani, tizipita."

Koma kopita kunalibe, poti galimoto inali isanabwere. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango kumalire kwa bwalo, nsana atatipatsa. M'nyumba ndinamva achemwali akulira, mwa kulira kotsekera nkhope m'pilo. Ine ndinaima pomwepo, manja adakali kumbuyo, osadziwa kuti ndiwaike kuti. Bambo ndi amene anandiopsa. Sindinawaonepo atasowa mawu chibadwire. Anachotsa tepi m'khosi, kuipinda, kuitambasula, kuipindanso, maso ali pa mtsuko. Anthu onse amene anamwa madzi aja, kuyambira Che Amidu mpaka abusa, ndikhulupirira ankadutsa m'mutu mwawo mmodzimmodzi.

Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Sanathamange. Anagwada pataliko ndi a Malunga, n'kulankhula mokweza pang'ono kuti mawu akafike pansi pa mango.

"Alendo athu, musavutike mtima. Ndili mtsikana ndinakhalako kwa azakhali anga m'tauni, ndipo zimbudzi zotere ndinaziona. Ndinachizindikira tsiku lomwe tinafika. Ndowa inachoka muno ine ndisanabadwe. Thabwa lakale ndinatentha, ili ndi latsopano, palibe munthu analikhalirapo. Makoma ndinakwecha mpaka zikhadabo kutha."

Bambo anatembenuka. "Amake Esnati, mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Nyumba yathu inali itangogwa, inu mukuyenda chowerama ngati mwaferedwa. Tsiku limene mtsuko unakwana pabowopo ndi limene munayambanso kuimba muluzu. Ndikananena chiyani? Komanso madziwo amazizira."

A Malunga anadzuka, n'kudzisasa fumbi. Anatambasula dzanja ndi kapu ija kwa ine.

"Mwana wanga, kandithirire wina. Pa msinkhu wanga ndamwa madzi a m'matanki a sitima, momwe munkafera abuluzi. Thobwa uyu ndi waukhondo kuposa zonse zimene ndamwapo."

Anamwa ataimirira, pakhomo pa kachipindako, akuyang'ana kumango. Nsana wa a Nachisale sunagwedezeke.

Akuluakulu anabwerera m'chipinda chodyera, koma nkhani ya ukwati sikanayamba azakhali ali panja. Dzuwa linafika paliwombo n'kukhala pomwepo. Mthunzi wa mango unachepa, kambuzi uja n'kuyamba ntchito yake. Ndinkawaona a Nachisale akumeza malovu, akudzikupiza ndi mpango. Amayi anandiitana, n'kutunga madzi mu mgolo wa panja, umene unakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

"Kawapatse azakhali. Ukawauze kuti awa sanalowepo m'nyumba."

Ndinagwada n'kupereka. Analawa, n'kukwinya nkhope. Madziwo anali oti ukanangoponyamo masamba n'kumwa tiyi, komanso ankamveka dzimbiri. Anandibwezera kapu. Ndinakhala pambali pawo, poti palibe anandiuza kuti ndichoke. Patapita nthawi anayang'ana kunyumba, anayang'ana kumsewu, n'kuwerama.

"Iwe, mayi akowo amakwechadi mmene akuneneramo?"

"Eee. Amakwecha ngakhale ife."

Anamezanso malovu. Kenako ananong'ona: "Kanditungire a kujaku. Udzere kuseri. Usauze munthu."

Ndinathamanga mokondwa, ndipo ndinadzeradi kuseri monga anandiuzira. Koma makapu onse abwino anali m'chipinda chodyera. Ndinakankha kathabwa ka pa kawindo, n'kulowetsa mutu, n'kufuula pakati pa akuluakulu: "Amayi, ndipatseni kapu! Azakhali akufuna madzi a m'chimbudzi, koma ati ndisauze munthu!"

Chiphokoso cha kuseka chimene chinabuka sindinachimvenso kwina. A Malunga anagwira m'mimba, amalume athu ofatsa aja anagwa pampando, nkhuku inathawa m'phanga ikutetera. Ngakhale kuchipinda kulira kwa achemwali kunasanduka kwina. Mazenera anali otsegula, ndipo zonse zinafika pansi pa mango. Ndinaona a Nachisale akudzuka, akukonza duku, akuyenda molunjika kunyumba. Ndinabisala kuseri kwa amayi. Analowa, n'kukhala pamphasa, nkhope ili gwa.

"Kamwana aka kadzakhala kowerenga nkhani pawailesi," anatero. "Bweretsani madziwo. Ndamwa kale kawiri, kachitatu sikangandiphe."

Atamwa anayang'ana amayi nthawi yaitali. "Ngati mtsikanayo anatengera manja a mayi ake, ndi pakamwa pa mayi ake posunga nkhani, tikambirane. Koma akakhala ngati mng'ono wakeyu, mutiuziretu."

Nkhani inakambidwa, ndipo inatha bwino. Podikira galimoto, bambo, amene mawu anali atayamba kubwerera, anapempha a Malunga kuti ayendenso nawo nyumba yonse. Ine ndinatsatira, ulendo uno manja ali m'mbali. Kachitsulo ka pamasitepe kanali kopalira matope kunsapato. Phanga linali lowothera moto, poti ena amamanga nyumba ya kwawo kulikonse kumene apita, kaya kukutentha. Mgolo unali wotenthetsera madzi osamba. Pa chilichonse bambo ankati, "Ndimaganiza choncho," a Malunga n'kuvomera mwaulemu.

Pa kawindo ndi pa belu a Malunga anasiya kuseka. Anati kawindoko kanali koti khuku, wophikira mzungu, azipereka chakudya osalowa m'chipinda chodyera, manja okha azioneka. Belu linali loti amuitane popanda kutchula dzina. Ndipo kachitseko kachitsulo kaja kanali koti wochotsa ndowa azibwera mbandakucha, kudzera kuseri, n'kuisenza pamutu eni nyumba asanadzuke.

"Ndiye panali munthu amene ntchito yake inali imeneyo?" anafunsa bambo.

"Analipo ambiri. Kumalayini kwathu tinkawathawa panjira, ana kuwaimba nyimbo. Mpaka lero sindidziwa dzina la ngakhale mmodzi."

Bambo sananene kuti ankaganiza choncho. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anatenga pulayala n'kudula waya wa belu. Ine ndinalira, poti inali ntchito yanga. Madzulo ake ndinawamva akuitana okha pa kawindo, "Amake Esnati, ngati madzi a tiyi alipo," ndipo anakatenga kapu ndi miyendo yawo.

Mitsuko yokha sinasamuke. Nkhani inafika pamsika ife tisanafike, ndipo kwa kanthawi anthu a kuchigayo ankadutsa nkhope zili kumbali. Che Amidu anabwera yekha kudzayendera, anafunsa amayi mafunso ambiri a phulusa ndi laimu, n'kupita osamwa. Botolo lake linasowa masiku angapo. Kutentha kutafika pachimake linabweranso, ndipo palibe amene anatchulapo kanthu. Achemwali anakwatiwa mvula isanagwe. A Nachisale ndi amene anavina kuposa onse, ndipo pambuyo pake ankawatchula achemwali kuti mpongozi wawo wa pamtima, makamaka pofuna kunyoza apongozi ena.

Tinakhala m'nyumba ija zaka zingapo, mpaka mwini wake anagulitsa malowo. Ndinadutsako posachedwapa. Nyumbayo kulibe, njerwa zake zinamangira mipanda ya anthu ena, ndipo pabwalo pamene panali mango pali tchalitchi cha malata. Makolo anga onse anatisiya. Ine ndimakhala ku Chileka, m'nyumba ya lendi, ndipo ndili ndi filiji yeniyeni imene imagwira ntchito magetsi akafuna. Chimbudzi chili m'nyumba momwemo, khoma limodzi ndi khitchini, ndipo palibe mlendo analavulapo. Zimene zinkatichititsa manyazi tsopano ndi zimene zimakweza lendi.

Nyumba ya ku Chilekayi nayonso yayamba kukalamba. Sabata yatha mwana wanga wamng'ono anakankha kabati posesa, n'kupeza kabokosi kapulasitiki kukhoma, kokhala ndi kabowo kamodzi kamakona anayi. Anayesa kulowetsa chaja, chinakana. Ndinamuuza zoona zokhazokha. Ndinati pamenepo pankalowa waya wa foni, kuti foni inkakhala imodzi nyumba yonse, yomangirira kukhoma, ndipo ikalira sunkadziwa kuti akuimba ndani mpaka utayankha. Ukatuluka panja, inkatsala.

Anandiyang'ana mwachisoni, mmene amandiyang'anira ndikalephera kutumiza chithunzi.

"Amami, ngati simukudziwa mungonena. Foni yosatuluka m'nyumba ndiye ankaimbira ndani?"